Chingwe cha Kompyuta ya Malemu

Chimene make Bwana anayamba kuona chinali tinkhope. M'mawa wina akusesa pabalaza, mwana ali kumsana, anapeza galasi la kompyuta yatsopano litadzaza ndi zolemba zoti munthu sangawerenge: timitanda, timabokosi, timivi toloza uku ndi uku, ndipo pakati pa zonsezo panali tinkhope ting'onoting'ono tozungulira, ta maso awiri ndi kakamwa kokhotera m'mwamba ngati tikumwetulira. Dzulo lake pogona galasilo linali bii, kupatula kamzere koyera kamene kankaphethira pakona. Anatsamiritsa tsache kukhoma, nayang'anitsitsa, kenako anakadzutsa mwamuna wake.

Mwamuna wakeyo anali telala. Shopu inali kutsogolo, moyang'ana msewu, ndipo iwo ankakhala kuseri kwake m'zipinda ziwiri: balaza, ndi chipinda chogona chimene chinalibe chitseko koma katani ya nsalu yotsala ya yunifomu. Khanda lawo ankalitchula Bwana, chifukwa chibadwire ndilo linkalamula nthawi yodya, yogona ndi yodzuka m'nyumbamo. Shopuyo anasiya ndi bambo ake a telalayo, amene anamwalira make Bwana atatsala pang'ono kubereka. Anasiyanso makina opeta mabaji a mayunifomu a sukulu, chimakina chachitali cha masingano ambiri, ndipo pansi pake panali kompyuta yakale yotuwa imene malemu anaimangirira ndi mabauti kuopa akuba. Mapatani onse a mabaji, mkango wa sukulu iyi, buku lotsegula la sukulu iyo, nyali, nyenyezi, malemu anawajambula okha kadontho ndi kadontho, ndipo onse anali m'mimba mwa kompyuta imeneyo.

Koma kompyutayo inali itatopa. Poiyatsa inkayamba yakhosomola ngati nkhalamba ya chifuwa, masiku ena osadzuka n'komwe, ndipo polowetsera madisiki panafa kalekale. A Mawaya, mnzake wa telala amene ankakonza mafoni ndi makompyuta kumsika, ananena kuti njira inatsala imodzi: kuilumikiza ndi kompyuta yatsopano pa chingwe cha mapulagi a timano, kuti yakaleyo ilavulire zonse mwa inzakeyo isanafe. Chingwecho anabweretsa okha, koma chinachepa, chifukwa kompyuta yatsopano inali pabalaza kuopa fumbi la ulusi la m'shopu. Telala sanavutike nazo. Anachidula pakati monga amachitira ndi buluku lalifupi, nalumikizapo chidutswa china, nakulunga polumikizapo ndi kansalu, n'kusoka bwinobwino mpaka msoko osaoneka. Kenako anachidutsitsa pamwamba pa khomo, nachimangirira ndi ulusi ku waya wa getsi la pabalaza kuti chisalendewere.

Poyamba sipanabwere kanthu. A Mawaya anafika madzulo ena, natsegula pulagi imodzi, naseka. Anati m'chingwemo waya wina ndi pakamwa, wina ndi khutu, ndipo makompyuta awiriwo anali atalumikizana pakamwa ndi pakamwa, khutu ndi khutu, ngati banja lokangana: onse kulankhula, womva palibe. Anasinthanitsa mawaya a pa kadzino kachiwiri ndi kachitatu, nawotcherera, nauza telala kuti asiye yatsopanoyo ikudikira usiku wonse, popeza yakale inkachitako bwino kunja kukazizira. M'mawa wotsatira ndi uja wa tinkhope.

Telala ataona galasi lodzaza anasangalala, nati nkhalamba yayamba kulankhula. Anaimbira foni a Mawaya, amene anati zolemba zosokonekera chotero zimabwera liwiro likasiyana: yakale ikulankhula pang'onopang'ono, yatsopano ikumvetsera mothamanga. Telala anafufuta galasilo pogwira batani la pakona n'kudina lina, ndipo tsiku lonse anakhala akutsitsa liwiro, kuyesa, kutsitsanso, kuthamangira m'shopu kukauza yakale kuti itumize, kubwerera pabalaza kudzaona. Galasi linangokhala bii.

Madzulo akudya, telala anasiya kutafuna. Anayang'ana khomo la kushopu kwa kanthawi, kenako ananena motsitsa mawu kuti usiku uja kompyuta yakale anali ataizimitsa. Inkanunkha ngati chinthu chopserera, ndiye anadzuka n'kukaizimitsa tulo tisanamupeze.

"Ndiye amalankhulayo ndani?" anafunsa make Bwana.

"Idya, chakudya chikuzizira," anatero mwamuna wake.

Usiku umenewo anazula pulagi ya kompyuta yakale pasoketi, naikoloweka pamsomali. M'mawa tinkhope tinalipo, tochuluka kuposa poyamba, mizere ina yodzaza, ina yothera pakati ngati wolembayo wasokonezedwa. Telala anafufuta, ndipo tsiku limenelo anasokera thumba la malaya mozondoka.

Kenako anaganiza zochezera kuti aone yekha. Anakhala pampando patsogolo pa galasi, atafunda bulangete, mumdima. Make Bwana anagona kuchipinda koma maso ali gwa. Nyumbayo usiku inali ndi mawu ake amene iye ankawadziwa onse: furiji ya m'golosale ya kuseri kwa khoma ikung'ung'udza n'kuleka, madontho a pampopi wa panja, malata akulira pozizira, galu wakutali amene ankauwa kawirikawiri popanda womuyankha. Koma usiku umenewo ankamvanso chete wa m'shopu, chete wolemera, ngati wa chipinda chimene muli munthu amene wagwira mpweya. Fungo la mafuta a makina linkalowa pansi pa chitseko, fungo lomwelo limene malemu ankanunkha m'manja.

Bwana anadzidzimuka, nayamba kulira. Make Bwana anamunyamula, natuluka naye pabalaza monga ankachitira usiku uliwonse, nadina swichi kuti apeze thewera ndi madzi ofunda a m'fulasiki. Getsi la pabalaza linali la chubu chakale, lophethiraphethira nthawi yaitali lisanayake, ndipo m'kuwala kodukaduka kumeneko anaona mwamuna wake atawerama, mphuno yake ili pafupi ndi galasi.

"Make Bwana," ananong'ona, "taona."

Zolemba zinkathamanga zokha, mzere kutha, wina kuyamba, timitanda, timivi, kankhope, kankhope, kankhope. Bwana ankalira mpaka kubanika. Make Bwana anamuika kubere ali chiimire, getsi linakhazikika, mwana anatonthola, ndipo zolembazo zinaima. Awiriwo sanayang'anane. Telala anapita kukagwira pulagi ija pamsomali, napeza ili pomwepo, yozizira.

Kuyambira pamenepo zinali zomwezo. Mwana akalira, galasi linkalemba. Ndiye Bwana anayamba kutentha thupi usiku, masana n'kuzizira bwinobwino, ndipo kulira kwake kunasintha, kunakhala kowonda, kotalika, kopanda misozi. Kuchipatala anamuyeza magazi, namumvetsera m'chifuwa, koma sanapeze kanthu. Anangoti mayi ayamwitse pafupipafupi, abwerenso zikapitirira. Telala anauzako mphunzitsi wina amene anabwera kudzafunsa za mabaji a sukulu yake, ndipo nkhani inatuluka pakhomo limodzi ndi mphunzitsiyo. Mayi wa golosale anayamba kuuza ogula kuti amamva makina akupeta okha anthu atagona. Mlonda wa mumsewumo akuti anaona mkulu wina ataima pawindo la shopu, tepi yoyezera ili m'khosi. Amayi amene kale ankalimbirana kunyamula Bwana tsopano ankangomupatsa moni chapatali, manja atapinda.

Apongozi, mayi ake a telala, anafika Loweruka masana, atanyamula chikwama chachikulu chimene make Bwana anaona msanga kuti chinali chopanda kanthu. Chimwalirire amuna awo ankakhala kwa mwana wawo wamkazi kutsidya lina la tauni. Anakana madzi, anakana mpando wa ndalema, nakhala pakampando ka makina, nauza mwana wawo kuti awaonetse. Telala anali asanafufute za usiku wapitawo. Apongozi anayang'ana tinkhope tija nthawi yaitali.

Analankhula osakweza mawu. Anati amuna awo anathera maso pa mapatani amenewo, ndipo ali moyo sankalola munthu kukhudza kompyutayo ngakhale kuipukuta fumbi. Anati munthu amene wapita asanaone mdzukulu wake amapita ndi njala. Kenako anatembenukira kwa make Bwana, nati aliyense akudziwa kuti malemu sanavomereze ukwati umenewu, kuti anapita akunenabe kuti mwana wawo watola mtsikana wothawa sukulu. Ndiye si zodabwitsa kuti mwana akalira m'manja mwa mtsikana yemweyo, iwo amayankha.

"Mwanayu ndikumutenga," anatero. "Azakhali ake amulera ndi mkaka wa m'botolo mpaka zithe. Iwe ukhale usamale mwamuna wako."

"Amayi, mwanayu akuyamwa."

"Akuyamwa, koma akunenepa? Tamuona khosi."

Make Bwana anati ngati vuto ndi chingwecho, bwanji osangochizula n'kuchitaya. Apongozi anayankha kuti kutseka pakamwa munthu sikumuchotsa m'nyumba. Bola chingwecho chikhale kuti azidziwa ngati adakalipo. Make Bwana anayang'ana mwamuna wake. Telala ankayang'ana pansi, akuchotsa tiulusi pabondo la buluku lake, kamodzikamodzi. Pomaliza anangonena kuti amayi adikireko pang'ono, a Mawaya abwerenso kaye. Apongozi anavomera kudikira mpaka mawa lake madzulo, koma chikwama anachisiya pabalaza, pansi pa tebulo la kompyuta, chili chotsegula.

Usiku umenewo make Bwana sanalankhule ndi mwamuna wake. Anagona atafungatira mwana, akumva kamtima kake kakugunda mofulumira pachifuwa pake, mabere akumuwawa chifukwa Bwana ankayamwa pang'ono n'kusiya. Ankaganiza za botolo, za manja a mlamu wake amene ankagwira khanda ngati wagwira mbale yotentha, za mkaka wake umene ukanauma pasanathe nthawi. Mwana akadzabwerako, ngati akanabwerako n'komwe, akanamuyang'ana ngati mlendo.

Mawa lake chakumasana kunachita mitambo yakuda, m'nyumba n'kuda ngati madzulo. Telala anali atapita kukatenga a Mawaya. Bwana anali mtulo kuchipinda, tulo tofa nato timene ankagona masana okha. Make Bwana anagwetsa singano pabalaza, ndipo poopa kuti wina angaiponde, anadina swichi. Chubu chinayamba kuphethira kwake, chikulira ngati ntchentche yotsekeredwa m'botolo. Ali chogwada pansi, anaona kuwala kwa pagalasi kukugwedezeka pasimenti. Anadzutsa mutu. Zolemba zinkathamanga.

Anamvetsera. Kuchipinda kunali zii. Anapita kukasuzumira pakatani, napeza Bwana ali chigonere, timanja ali m'mwamba. Anabwerera, nazimitsa getsi, nadikira mtima wake ukhazikike, n'kuyatsanso. Chubu chinaphethira, zolemba zinathamanga; chubu chinakhazikika, zolemba zinaima. Anachita zimenezi mobwerezabwereza mpaka galasi linadzaza, ndipo maso ake anatsatira chingwe chija kuchokera kuseri kwa kompyuta, kukwera khoma, mpaka pamwamba pa khomo pamene chinakumbatirana ndi waya wa getsi, tiulusi ta buluu titamangidwa motalikirana mofanana monga mwamuna wake ankachitira chilichonse. Anakhala pansi pomwepo, osadziwa ngati aseke kapena alire.

Madzulo onse analipo: telala, a Mawaya ndi kabokosi kawo ka zida, ndi apongozi amene anabwera ndi shawelo yonyamulira mwana. Make Bwana sanafotokoze zambiri. Anagoneka mwana, napempha mwamuna wake kuti afufute galasi, nadina swichi onse akuona. Apongozi anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma. A Mawaya anayang'ana galasi, nayang'ana getsi, nayang'ana pamwamba pa khomo, kenako anakwera pampando.

"Achimwene, chingwe changa chija chinavala liti malaya?"

Telala anafotokoza kuti chinachepa, ndiye anaonjezera. A Mawaya anapempha lumo, nasomola msoko uja, akudandaula kuti n'zachisoni kuwononga ntchito yokongola chotere. M'kati munali mawaya awiri opotedwa bwinobwino, wofiira ndi wofiira, woyera ndi woyera. Anafunsa kuti wachitatu ali kuti. Telala anati panalibe wachitatu. Panali kaulusi ka chitsulo kopanda chovala, konyankhalala, kongolendewera pambali, ndiye anakadula mbali zonse ziwiri kuti polumikizapo pakhale paudongo.

A Mawaya anatsika pampando pang'onopang'ono, nakhala, naphimba kumaso ndi chipewa. Mapewa awo ankagwedezeka ndi kuseka.

"Mwadula ngati ulusi wotsala pamsoko," anatero atapuma. "Alamu, amuna anuwa musadzawatume kuchipatala kukathandiza madokotala."

Anafotokoza kuti waya wamaliseche uja ndiye nthaka imene pakamwa ndi khutu zimaimapo. Popanda iye, khutu la kompyuta yatsopano linali lolendewera m'malere, losamva inzake, koma lotola phokoso lililonse lodutsa pafupi. Ndipo chubu chakale chikamavutika kuyaka chimalavula phokoso m'waya wake, amene telala anamumangirira kukhutuko ndi manja ake. Tinkhope tija, anati, ndi zilembo chabe zimene kompyuta imaonetsa ikamva zopanda mutu. Analumikiza waya wachitatu, nawotcherera onse, namasula tiulusi ta buluu, nadutsitsa chingwe pansi m'mbali mwa khoma. Make Bwana anadinanso swichi. Chubu chinaphethira mpaka kutopa, galasi lili bii.

Kenako anayatsa kompyuta yakale. Inakhosomola, inadzuka, ndipo a Mawaya atafananitsa liwiro mbali zonse, mayina a mapatani anayamba kutsika pagalasi m'zilembo zomveka, limodzilimodzi, mwaulesi: mkango, buku, nyali. Telala anaimirira kumbuyo kwa mpando, akupukuta m'maso ndi mkono wa malaya. Anasiya zikuyenda mpaka fungo lopserera litayambanso, ndipo anazimitsa kuti adzapitirize mawa.

Apongozi anaonerera zonsezi shawelo ili pamiyendo. Anati amva, ndipo mwina n'zoona. Koma waya satenthetsa mwana thupi. Iwo agona pomwepo pabalaza, pafupi ndi galasilo, kompyuta yakale itazulidwa pasoketi, yatsopano ikudikira monga kale. Kukacha galasi lili lopanda kanthu, apita okha. Pakapezeka ngakhale kankhope kamodzi, apita ndi mwana, ndipo pasakhale wolankhula. A Mawaya, pofuna kuti pasadzakhale chonamizira, anakweranso pampando n'kuchotsa chubu chija, nachitsamiritsa pakona. Potuluka anauza make Bwana kuti agone mtima uli m'malo, chifukwa tsopano ngakhale mphezi itagwa pakhomo, galasilo silingalembe.

Nyumba inagona msanga. Telala, amene anali asanagone bwino kwa nthawi yaitali, anangoti kugwa pabedi, n'kuyamba kupuma mozama. Apongozi anagona pampando wautali moyang'ana tebulo, atafunda mpaka m'khosi, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi imene inkachepa mawu pang'onopang'ono mpaka inasanduka nkonono. Make Bwana anali atakonzeratu thewera ndi fulasiki pambali pa bedi. Katani inali yosafika kukhoma, ndipo pampata umenewo ankatha kuona ngodya ya galasi, ndi kamzere koyera kakuphethira, kuphethira, mumdima wonsewo kokha.

Furiji ya m'golosale inang'ung'udza n'kuleka. Mpopi unadontha. Galu uja sanauwe.

Bwana anadzuka mosalira kwenikweni, anangoti kudandaula pang'ono, ndipo make anamuika kubere asanatsegule n'kukamwa komwe. Thupi lake linali lozizira bwino, kwa nthawi yoyamba chiyambire zonsezi, ndipo anayamwa mwamphamvu, kadzanja kake katagwira chala cha make. Make Bwana anatsamira khoma, akumvetsera kamwana kakumeza, nayamba kuganiza kuti mawa achapa makatani ndi kukolopa m'shopu.

Kamzere koyera kanasuntha.

Poyamba anaganiza kuti ndi maso ake. Anaphethira, nayang'ananso. Pamene panali kamzere panali kankhope, kamodzi, ndipo kamzereko kanali kataima pambali pake. Bwana anameza. Kankhope kachiwiri kanatulukira pafupi ndi koyamba. Panalibe timitanda, panalibe timivi, panalibe kuthamanga kuja. Tinkabwera modekha, kamodzikamodzi, mwana akameza kankhope, akameza kankhope, mumzere wowongoka ngati mabatani a malaya. Chubu chinali chotsamira pakona, chikuoneka mbuu. Kuchokera pansi pa chitseko cha kushopu kunkalowa kamphepo kozizira ndi fungo la mafuta a makina.

Make Bwana anatembenukira kwa telala. Anatsegula pakamwa kuti adzutse mwamuna wake, dzanja lake linafika mpaka paphewa la telalayo, koma linaima m'malere. Nkonono za apongozi zinkamveka bwinobwino kuseri kwa katani. Pansi pa tebulo chikwama chija chinali chikadali chotsegula.

Anatsitsa miyendo pabedi, mwana ali kubere. Simenti inali yozizira ngati madzi. Anapatula katani ndi chigongono kuti mphete zake zisalire, nayenda chopanda nsapato, phazi limodzi, kudikira, phazi lina, kudutsa pafupi kwambiri ndi mutu wa apongozi mpaka anamva mpweya wawo pamwendo pake. Kuwala kwa galasi kunagwera pamutu pa Bwana. Tinkhope tinali titatsala pang'ono kumaliza mzere. Anali ataona mwamuna wake akufufuta galasi m'mawa uliwonse: chala chaching'ono pabatani la pakona, chala china pa linzake. Anadina mofatsa kwambiri kuti batani lisalire. Galasi linafufutika, kamzere kanabwerera pakona.

Apongozi anasiya nkonono. Make Bwana anaima osapuma, dzanja lili pamabatani. Mayiwo anatafuna m'kamwa, natembenukira kukhoma, n'kuyambiranso.

Pamenepo Bwana anasiya bere. Anatembenuza kamutu kake pang'onopang'ono, kudutsa nkhope ya make, kudutsa galasi, mpaka maso ake anakhazikika pachitseko cha kushopu, cha m'mwamba, pamene pangafike nkhope ya munthu wamtali ataima. Anayang'ana pamenepo osaphethira. Kenako kukamwa kwake kunatseguka, timasaya tinakwera, ndipo anamwetulira, kumwetulira kwenikweni kwa mwana amene wazindikira munthu. Pagalasi panatulukira kankhope.

Make Bwana sanatembenuke kuti aone chitsekocho. Anadina mabatani. Anakoka kampando ndi phazi, nakhala, msana wake ataulozetsa kuchitseko, nafungatira mwana mpaka kumva nthiti zake. Kankhope kena kanabwera, anafufuta. Kena, anafufuta. Khosi lake linkamva kuzizira ngati wina waima pafupi akuwerama kuti aone bwino. Iye anangoyang'ana galasi, milomo ikuyenda popanda mawu, ndipo chimene ankanena mobwerezabwereza sichinali pemphero: muoneni, koma ndi wanga; muoneni, koma ndi wanga.

Sanadziwe kuti zinaleka nthawi yanji. Anangozindikira kuti mpata wa pawindo wayamba kutuwa, kuti kunja kwadutsa ngolo, kuti zala zake zauma pamabatani ndipo kamzere kakhala kakuphethira pakona kwa nthawi yaitali popanda chotsatira. Bwana anali mtulo, mkaka uli pachibwano. Anachotsa dzanja patebulo, naliika pansi pa mwana.

Apongozi atadzuka anamupeza ali pompo. Anamufunsa chimene ankachita pamenepo, ndipo iye anayankha kuti tulo tinamuthawa, ndiye anabwera kudzadikira nawo. Mayiwo anavala magalasi awo, nayandikira, nayang'ana galasi kuyambira pamwamba mpaka pansi, napukutapo ndi nsonga ya nsalu ngati pangabisale kanthu kuseri kwa fumbi. Kenako anagwira mwana pamphumi, m'khosi, kumapazi. Anapuma mozama. Telala anatuluka kuchipinda akuyasamula, naona galasi, naseka, nati lero amaliza mapatani onse, ndipo kompyuta yakaleyo aisiya pomwepo pansi pa makina chifukwa mabauti a bambo ake palibe angawamasule.

Apongozi anapinda shawelo, naiika m'chikwama, natseka zipi. Ali pakhomo anatembenuka, naweramira mwana kuti atsanzike. Bwana anatsegula maso, nayang'ana kupyola phewa la agogo ake, cha kuchitseko cha kushopu, ndipo timasaya tinakweranso.

"Taonani, akundisekerera," anatero apongozi, mawu awo atafewa koyamba chifikire. "Waphunzira liti kumwetulira mwanayu?"

"Lero lomwe, amayi," anatero make Bwana, natembenuza mwanayo kuti ayang'ane kwa iye.